Mtukula Pakhomo: Ndalama Zobwezera Khasu M'munda Mwanu

Kabuku kano talembera mabanja amene amalandira ndalama za Mtukula Pakhomo, komanso anansi awo amene salandira koma amakhala ndi mafunso akamaona anzawo akupita kokalandira. Ndalamazi n'zochepa, ndipo aliyense amene anazigwirapo m'manja akudziwa kuti sizingagule ng'ombe kapena kufolera nyumba ndi malata mwezi umodzi. Komabe kafukufuku amene wachitika m'midzi ya dziko lino akusonyeza kuti mabanja olandira amadya bwino kuposa kale, amayamba kuweta, ndipo amakolola zochulukirapo. Ndalama zochepa chonchi zimatha bwanji kuchita zimenezi? Yankho lathu ndi lakuti zimawombola masiku a banja. Zimalola munthu kukhala m'munda mwake pa masabata amene mundawo ukumufuna kwambiri, ndipo zimamupatsa mpata wodikira m'malo mogulitsa chimanga, mbuzi kapena mphamvu zake pamtengo wolira. Banja limene lamvetsa zimenezi limapindula nazo kwambiri kuposa limene limangoziona ngati ndalama ya ndiwo ya tsiku lolandira.

Mmene njala ya chaka chino imabalira njala ya chaka chamawa

Kuti timvetse ntchito ya ndalamazi, tiyambe taona chaka cha mlimi wosaukitsitsa. Chimanga chimene anakolola mu Epulo kapena Meyi chimatha mvula isanagwe, mwina mu Okutobala, mwina kale kuposa apo. Pofika Disembala ndi Januwale m'nyumba mulibe ufa, ndipo njira yotsala ndi ganyu. Ganyu payekha si woipa, ndipo palibe chochititsa manyazi pogwira ntchito m'munda mwa mnzako. Vuto lake ndi nthawi imene amapezeka. Eni minda ikuluikulu amafuna aganyu pa kubzala, kupalira ndi kubandira, ndipo masiku omwewo ndi amene munda wa waganyuyo ukufunanso khasu. Chimanga chimalimbana ndi udzu kwambiri m'masabata asanu ndi limodzi oyambirira chitamera. Mlimi akachedwa kupalira koyamba ndi sabata ziwiri chifukwa anali kwa eni, udzu umakhala utadya kale chonde ndi chinyezi, mapesi amawonda n'kuchita chikasu, ndipo ngakhale atadzapalira bwino pambuyo pake chimangacho sichibwereranso mwakale. Malipiro a ganyuyo amakhala kambale ka ufa, gaga kapena ndalama ya chakudya cha tsiku limodzi, chifukwa nthawi ya njala ofuna ganyu amachuluka ndipo wolemba ndi amene amatchula mtengo. Motero munthu amagulitsa tsiku lake lofunika kwambiri pa chaka chonse pamtengo wotsikitsitsa, kenako n'kukolola zochepa, ndipo chaka chotsatira njala imamufikira msanga kuposa chaka chatha.

Nthawi yokolola ilinso ndi msampha wake. Ngongole za m'dzinja zimafuna kubwezedwa, ana akufuna yunifolomu ndi makope, pakhomo pakufunika sopo, mchere ndi ndalama ya kuchigayo. Mavenda amafika ndi masikelo awo mu Meyi ndi Juni pamene mtengo wa chimanga uli pansi, ndipo banja limagulitsa chakudya chimene likudziwa bwino lomwe kuti silidzakwana nacho. Mu Januwale limakagulanso chimanga chomwecho kumsika kapena kukagona pamzere ku ADMARC, mtengo utakwera, zaka zina kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Mwana akadwala pakati pa usiku n'kufunika ndalama ya kabaza, mbuzi imodzi imene inalipo imapita pamtengo umene wogula wanena. Ngati mbuzi palibe, kwatsala katapila. Zonsezi sizichitika chifukwa mlimiyo sadziwa kuwerengera. Amadziwa bwino kuti akuluza, koma alibe choti n'kudikirira nacho. Wanjala sakambirana mtengo.

Chimene Mtukula Pakhomo ali

Ndondomekoyi inayamba mu 2006 m'boma la Mchinji ngati yoyeserera, mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28. Imayendetsedwa ndi boma kudzera ku unduna woona za chisamaliro cha anthu ndi makhonsolo, ndi thandizo la mayiko monga Germany ndi Ireland, bungwe la European Union komanso Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Anthu oposa miliyoni imodzi akukhala m'mabanja amene amalandira. Kuyambira pachiyambi inalunjika pa mabanja amene ali ndi mavuto awiri nthawi imodzi: ndi ovutikitsitsa, ndiponso alibe anthu amphamvu okwanira kugwira ntchito. Awa ndi makomo a agogo amene akulera adzukulu amasiye, a anthu olumala, a odwala matenda a mgonagona, a ana olera anzawo, kapena a mayi mmodzi amene akudyetsa khamu la ana. M'dera lililonse ankasankha pafupifupi mabanja khumi mwa mabanja 100 aliwonse. Kuchuluka kwa ndalama kumatengera kukula kwa banja, ndipo pamakhala kena kowonjezera pa ana a msinkhu wa sukulu. Chimene chimasiyanitsa ndalamazi ndi thandizo lina n'chakuti sizibwezedwa, sizigwiriridwa ntchito ngati za kumsewu, ndipo palibe wokuuzani choti mugule.

Zimene kafukufuku anapeza

Kafukufuku woyamba anachitika ku Mchinji komweko mu 2007 ndi 2008, ndipo anachita ndi akatswiri a Boston University pamodzi ndi a Centre for Social Research ya ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Anayerekeza mabanja amene anayamba kulandira ndi ena ofanana nawo amene anali asanayambe. Olandirawo anayamba kudya kangapo pa tsiku ndi kusinthasintha ndiwo, zomwe aliyense akanayembekezera. Chimene chinadabwitsa ambiri n'chakuti mabanja omwe ankaonedwa ngati opanda mphamvu yolima aja anagula makasu, nkhwangwa, zikwakwa, nkhuku ndi mbuzi, ndipo anachepetsa kupita ku ganyu. Kafukufuku wamkulu anatsatira kuyambira 2013 mpaka 2015 ku Salima ndi ku Mangochi, wokhudza mabanja pafupifupi 3,500, ndipo anachita ndi a University of North Carolina, a Centre for Social Research ndi a UNICEF. Midzi yoyamba kulandira inasankhidwa mwa maere kuti pasakhale kukondera, motero kusiyana kumene kunaoneka pambuyo pake sikunganenedwe kuti kunabwera chifukwa olandirawo anali olimbikira kale. Zotsatira zake zinafanana ndi za ku Mchinji: chakudya chinachuluka, nkhawa ya njala inachepa, ziweto ndi zipangizo zaulimi zinawonjezeka, zokolola zinakwera, ana ambiri anapita kusukulu, ganyu anatsika.

Pali nambala imodzi ya kafukufuku ameneyu imene ikufunika kuiganizira mofatsa. Akatswiriwo atawonkhetsa zonse zimene mabanja anawonjezera pa kudya, kugula, kusunga ndi kubweza ngongole, anapeza kuti pa kwacha iliyonse imene banja linalandira, linkatha kugwiritsa ntchito pafupifupi K1.69. Ku Zambia, kumene ndondomeko zofanana ndi imeneyi zinayesedwa m'maboma monga Kalabo, Kaputa, Shang'ombo, Luwingu ndi Serenje, nambala yake inali pafupifupi 1.67. Boma silinapereke ndalama yapamwambayo. Inachokera m'munda, m'khola ndi m'kabizinesi ka banja lomwelo. Agogo amene chaka chatha anapalira munda wa eni mu Januwale chaka chino apalira wawo, kapenanso alemba mnyamata wa m'mudzi kuti awathandize kubandira chifukwa msana wawo sulola. Nkhuku ziwiri zaswa. Chimanga chimene chikanagulitsidwa mu Juni chadyedwa mu Disembala. Apa ndi pamene pagona phindu, ndipo n'chifukwa chake tikunena kuti ntchito yaikulu ya ndalamazi ndi kubweza khasu m'munda mwa mwini wake.

Chifukwa chiyani zilibe malamulo a kagwiritsidwe ntchito

Anthu ena abwino mtima amafunsa kuti bwanji osangopereka chimanga, feteleza kapena mbuzi, kuti tidziwe kuti thandizo lapita pa chinthu choyenera. Funsoli n'lomveka, koma likuiwala kuti makomo osauka savutika mofanana. Khomo lina vuto lake ndi mbewu, lina ndi ndalama yokwerera galimoto kukatenga mankhwala mwezi ndi mwezi, lina ndi ngongole ya katapila imene ikukula sabata iliyonse, lina ndi mtsikana wa Sitandade 8 amene alibe yunifolomu ndipo wayamba kujomba. Mwini nyumba ndi amene amadziwa pamene denga likudontha. Mukapatsa thumba la feteleza banja limene mwana wake ali gone, lidzaligulitsa pamtengo wotsika kuti lipeze ndalama, ndipo theka la thandizolo lidzathera kwa venda. Zimenezi taziona ndi makuponi a feteleza zaka zambiri. Ndalama imasinthika n'kukhala chimene chikufunika mwezi umenewo: mu Novembala ndi mbewu, mu Januwale ndi ufa, mu Seputembala ndi makope. Ndiponso malamulo amafuna anthu owalondoloza, mafomu ndi mafuta a galimoto, ndipo amene amalephera kuwakwaniritsa nthawi zambiri ndi ofooka kwambiri, omwe ndondomekoyi inapangidwira.

Ku Zomba kunachitika kafukufuku amene anayesa mbali zonse ziwiri. Mu 2008 ndi 2009 mabanja ena a atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ankalandira ndalama pokhapokha mtsikanayo akamapita kusukulu, pamene ena ankalandira popanda lamulo lililonse. Tinene chilungamo: ndalama za lamulo zinachita bwino kwambiri posunga atsikana m'kalasi. Koma ndalama zopanda lamulo ndi zimene zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati a atsikana aang'ono, chifukwa zinapitiriza kufika ngakhale kwa mtsikana amene wasiya sukulu, yemwe kumbali inayo ankaleka kulandira pa nthawi yomwe anali pangozi yaikulu. Lamulo limathandiza amene akutha kale kulitsata, n'kutaya amene wagwa.

Mayankho kwa amene akukayika

Chodandaula chimene chimamveka kwambiri pabwalo ndi pamaliro n'chakuti ndalamazi zimathera ku kachasu. M'mudzi uliwonse muli munthu mmodzi kapena awiri amene angatchulidwe, ndipo nkhani yawo imayenda mofulumira chifukwa woledzera amaonekera pamsewu, pamene mayi amene wagula mchere, sopo ndi kankhuku amabwerera kwawo mwakachetechete. Mu 2014 akatswiri awiri a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, David Evans ndi Anna Popova, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 19 wochokera ku Africa, Asia ndi Latin America kuti aone ngati mabanja olandira ndalama amawonjezera kugula mowa ndi fodya. Anapeza kuti sawonjezera, ndipo m'malo ambiri kugulako kunatsika. Izi sizikutanthauza kuti khomo limene bambo amalanda ndalama n'kukamwera lilibe vuto. Khomo limenelo likufunika kuthandizidwa ndi ankhoswe, a komiti ya Mtukula Pakhomo ndi alangizi a zachisamaliro cha anthu, koma si chifukwa chonyozera makomo ena onse.

Ena amati ndalama zaulere zimabala ulesi. Amene amanena zimenezi kawirikawiri amakhala ataona chinthu chenicheni: aganyu achepa, ndipo amene alipo akukana mtengo wakale. Koma kusowa pamunda wa eni si ulesi ngati munthuyo ali pamunda wake. Kafukufuku wa ku Salima ndi Mangochi sanapeze kuti anthu anasiya kugwira ntchito. Anapeza kuti anasamutsa mphamvu zawo. Ndipo tikumbukire kuti olandira ambiri ndi okalamba, olumala ndi odwala. Gogo wa zaka 75 akapuma ku ganyu wosenza njerwa, dziko silinataye kanthu. Pali chenjezo limene kafukufuku yemweyo anatulutsa, ndipo makolo alimve bwino: munda ukakula ndi ziweto zikachuluka, ntchito za pakhomo za ana zimachulukanso. Mwana amene wawomboledwa ku ganyu asamangidwenso ndi mbuzi za pakhomo mpaka kujomba kusukulu. Kubusa ndi kupalira kwa ana kukhale kwa masana akaweruka ndi Loweruka.

Chodandaula chachitatu chimachokera kwa anansi osalandira, ndipo ichi sitingachipeputse. M'midzi yambiri kusiyana kwa banja losankhidwa ndi losasankhidwa n'kochepa kwambiri, mwina mbuzi imodzi. Pamene osauka ali oposa theka la mudzi koma osankhidwa ndi khumi pa 100, ambiri oyenera amatsala, ndipo mtima umawawa. Vuto limeneli ndi la kuchepa kwa thumba, si la olandira, ndipo n'koyenera kulinena kwa makhansala ndi aphungu kuti ndondomekoyi ikule. Koma si zoona kuti osalandira sapindula kanthu. Ndalamazi zimagwiritsidwa ntchito pafupi: pa okala ya m'mudzi, kuchigayo, kwa wogulitsa usipa, kwa telala, kwa mnyamata wa kabaza. Ku Dowa, pamene bungwe la Concern Worldwide linapereka ndalama m'malo mwa chakudya pa njala ya 2006 mpaka 2007, akatswiri anapeza kuti kwacha iliyonse inabala malonda a makwacha awiri kapena kuposerapo m'deralo. Ku Siaya m'dziko la Kenya, bungwe la GiveDirectly linapereka madola pafupifupi 1,000 ku banja lililonse losankhidwa pa kafukufuku wokhudza midzi 653. Ngakhale ndalamazo zinali zambiri chotero, mitengo ya zinthu m'misika inangosuntha pang'ono kwambiri, ndipo mabanja osalandira nawonso anayamba kupeza ndi kugula zambiri chifukwa malonda anayenda. Kukwera mitengo kumene kwatisautsa zaka zino kwachokera ku kugwa kwa kwacha, chilala ndi kusowa kwa chimanga m'dziko, osati kwa agogo olandira Mtukula Pakhomo.

Chodandaula cholimba kuposa zonse ndi ichi: nanga ndalama zikadzasiya? Ku Zomba kuja akatswiri atabwerera patapita zaka ziwiri ndalama zitaleka, anapeza kuti phindu lambiri la ndalama zopanda lamulo linali litazilala, ngakhale kuti ana obadwa kwa atsikanawo pa nthawi yolandira anali okula bwino. Tisanamizane, ndalama zimene zangodyedwa zimatha ndi tsiku lake, ngakhale kuti chakudya chimene chalowa m'thupi la mwana wamng'ono sichinatayike. Mphamvu ya ndalamazi imachepanso zinthu zikakwera mtengo. Akatswiri amene atsatira ndondomeko zotere m'mayiko ambiri a mu Africa amati kusintha kooneka kumabwera ndalama zikafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene banja limagwiritsa ntchito pa mwezi. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomweyo inayamba kugula ufa wochepa. Ndiye panabweranso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi chilala cha 2024, zimene zinakokolola ndi kuumitsa zomwe mabanja anali atayamba kumanga. Ku Dowa kuja ndalama zinkasinthidwa mwezi ndi mwezi motsatira mtengo wa chimanga, ndipo nzeru imeneyo ikufunikabe. Komanso ndalama sizingalowe m'malo mwa chipatala chokhala ndi mankhwala, mlatho, mjigo kapena mlangizi. Zimene zili m'manja mwa banja ndi kusandutsa gawo la ndalamazi kukhala chinthu chimene chidzatsale.

Kukonza ndalama motsatira nyengo

Choyamba ndi kukhala pansi tsiku lolandira lisanafike. Dzina lolembedwa ndi la munthu mmodzi, koma ndalama ndi za khomo lonse, choncho bambo ndi mayi, kapena agogo ndi adzukulu osinkhuka, agwirizane zogula ndalama isanalowe m'thumba. Pamalo olandirira pamadzaza ogulitsa zovala, ziwiya ndi zokazinga, ndipo munthu wopita wopanda ganizo amabwerako ndi zinthu zimene sanazifune. Pokambiranapo funso lalikulu likhale ili: kodi mu Januwale tidzadya chiyani kuti tisadzachoke m'munda mwathu? Yankho lake limakonzedwa mu Meyi, Juni ndi Julayi, pamene chimanga chili chotsika mtengo. Miyezi imeneyi ndalama ya Mtukula Pakhomo ilipire sopo, mchere, chigayo ndi zofunika kusukulu kuti chimanga chanu chisagulitsidwe, ndipo ikatsalako muguleko china chowonjezera ngakhale ndowa imodzi pa kulandira kulikonse. Chimangacho chiume bwino, chipetedwe, ndipo chisungidwe m'matumba osalowa mpweya monga a PICS kapena chithiridwe mankhwala ovomerezeka motsata malangizo, chifukwa kusungira anankafumbwe n'chimodzimodzi kugulitsa kwa venda. Thumba limodzi kapena awiri muwapatule, musawatsegule kufikira nthawi yopalira.

Mu Seputembala ndi Okutobala maso akhale pa mbewu ndi khasu. Kubzala ndi mvula yoyamba yokwanira kumafuna kuti mbewu ikhale ili kale m'nyumba, ndipo banja limene likuyamba kufunafuna mbewu mvula itagwa lataya kale sabata. Ndalamazi sizingakwanire thumba la feteleza pamtengo wa kusitolo, choncho musaike mtima wonse pamenepo. Ngati dzina lanu latuluka pa zipangizo zotsika mtengo, sungani ndalama yowombolera kuti musagawane thumba ndi wokukongozani. Ngati silinatuluke, funsani alangizi a zaulimi za kapangidwe ka manyowa, kuphatikizapo a Mbeya amene amasakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, gaga ndi phulusa, ndipo patulani malo a mtedza, soya, nandolo, khobwe, mbatata ndi chinangwa. Mbewu za mtundu wa nyemba zimabwezera chonde m'nthaka ndi kupereka ndiwo, ndipo mbatata ndi chinangwa zimapirira pamene chimanga chalephera. Kwa okalamba ndi odwala, kulemba waganyu masiku awiri pa kupalira koyamba ndi kugwiritsa ntchito ndalama mwanzeru, osati kuwononga, ndipo nthawi zambiri kumabweza zambiri kuposa chinthu china chilichonse chimene ndalama yomweyo ikanagula.

Pa ziweto, yambani ndi nkhuku, koma musagule nkhuku musanadziwe kumene mungapeze katemera wa chitopa. Matendawa amatha kupululutsa khola lonse m'masiku ochepa, pamene katemera wa m'diso, woperekedwa miyezi inayi iliyonse, mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi nkhuku imodzi. Nkhuku zikachuluka zimagula mbuzi. Mbuzi yaikazi imakhala ndi bere miyezi isanu, ndipo ikagona m'khola lam'mwamba imadwala pang'ono n'kukupatsani manyowa osavuta kuwola. Phindu lalikulu la ziweto ndi lakuti tsiku la matenda kapena maliro mumagulitsa tambala m'malo mopita kwa wakatapila. Mazira ena azidyedwa pakhomo, makamaka ndi ana osafika zaka ziwiri ndi amayi oyembekezera, chifukwa kupinimbira kumene kwachitika pa msinkhu umenewo n'kovuta kukonza mwana atakula. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira kapena usipa wosinja limachita zambiri kuposa mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera za tsiku lolandira.

Banki m'khonde ndi malo abwino osungirako kangachepe, makamaka gulu limene limagawana kumapeto kwa chaka pamene mbewu ndi ufa zikufunika. Kuponya masheya kumateteza ndalama kwa opempha, ngakhalenso kwa mwini wake. Koma kukongola n'kwina. Chiwongoladzanja cha m'magulu ambiri n'chokwera, ndipo ngongole yotengera chakudya kapena chovala imabwezedwa ndi ndalama yotsatira ya Mtukula Pakhomo, kenako yotsatiranso, mpaka munthu amalandira dzina lokha. Kongolani pokhapokha pali geni imene mukuidziwa, monga mandasi, tomato kapena masamba a kudimba, ndipo mwawerengera kuti idzabweza yokha. Musapereke khadi, foni kapena chiphaso chanu ngati chikole kwa aliyense. Popeza malipiro nthawi zina amachedwa, musalonjeze munthu tsiku lobweza modalira tsiku lolandira. Ndipo zikabwera zophatikiza miyezi ingapo, umenewo ndi mwayi wogula chinthu chachikulu monga mbuzi kapena chimanga chosunga, osati wochitira phwando.

Kuteteza ndalama zanu

Kulembedwa mu Mtukula Pakhomo n'kwaulere. Palibe mfumu, wa komiti, wogwira ntchito m'boma kapena wandale amene ali ndi ufulu wodula gawo la ndalama zanu, kaya akulitcha lothokoza, la chitukuko kapena logawana ndi mudzi. Kugawana ndi m'bale mwa kufuna kwanu ndi khalidwe lathu ndipo palibe angakuletseni, koma ndalama yogawidwa mokakamiza kwa makomo asanu siwombola khomo ngakhale limodzi ku ganyu. Ndalamazi sizichokera ku chipani, choncho palibe angakuchotseni chifukwa cha mmene mwavotera. Kumene amalandirira pamanja, werengani ndalama musanadinde chala kapena kusayina, ndipo ngati simutha kuwerenga pitani ndi munthu amene mumamukhulupirira. Kumene amalandirira pafoni kapena kubanki, nambala yachinsinsi ndi yanu nokha: musaiuze ejenti, musailembe kuseri kwa foni, ndipo mupemphe kuti akuwerengereni uthenga wosonyeza ndalama zimene zatuluka ndi zimene zatsala. Akuba amaimba foni n'kudzitcha a Mtukula Pakhomo, kunena kuti mutumize kandalama kapena mutchule nambala yachinsinsi kuti dzina lanu lilowe. Ogwira ntchito enieni sachita zimenezo, ndipo foni yotere ingodulani.

Pakhomo pakasintha zinthu, monga kubadwa kwa mwana, imfa ya wolandira, kusamuka kapena mwana kuyamba sekondale, dziwitsani a komiti msanga kuti zolembedwa zikonzedwe ndipo ana otsala asataye thandizo. Ngati ndalama zabwera zoperewera, mwadumphidwa mwezi, kapena wina akukuumirizani kugawana naye, kadandauleni ku komiti yoona madandaulo ya m'dera lanu. Zikakanika kumeneko, pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya kwa DC mutatenga chiphaso cha unzika ndi khadi lanu lolandirira, ndipo nkhani ya kuba kapena kuopsezedwa mukainenenso kupolisi.